Matepi a apongozi anaulula dzina la mwana wanga

Loweruka lapitali, tikudutsa pafupi ndi mlatho ku Old Town, mayi wina wogulitsa nthochi anadzutsa mutu, n'kuyang'ana mwana wanga wamkazi, n'kunena kuti, "Kambatata, dzino lija lamera?"

Ine mayiyo sindimudziwa. Sindinamuonepo chibadwire.

Koma chimene chinandiopsa si mawu akewo ayi. Ndi mwanayo. Lusungu, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anasiya dzanja langa n'kuyamba kupita kwa mayiyo akumwetulira, kukamwa yasa, kuti amuonetse dzinolo, ngati wapeza azakhali ake.

Ndinamugwira kolala ya diresi mpaka batani linathothoka.

Mundimvetse bwino, owerenga. Dzina la Kambatata si la kusukulu, si la kutchalitchi, silili pa khadi la kusikelo. Ndi la m'nyumba. Anamupatsa agogo ake ali khanda chifukwa anali wozungulira ngati kachewere. Mlongo wake Wongani, wa zaka zinayi, timamutcha Kapitawo chifukwa amalamula aliyense, ndi nkhuku zomwe.

Amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukudziwa kale kuti ine ndi munthu wamantha. Ana anga ndimawawerenga pokwera minibasi, ndimawawerenganso potsika, chonsecho alipo awiri okha. Ndiye Lusungu atayamba Sitandade 1 ndinamukhazika pansi. Ndinati, "Munthu akabwera pageti la sukulu n'kunena kuti amayi ako andituma, usapite. Kaya ali ndi masiwiti, kaya wavala suti, usapite. Upite pokhapokha akakuitana ndi dzina lako la kunyumba. Ameneyo ndiye kuti ndamutuma ndine."

Ndinkadziona wanzeru kwambiri. Ndinauzako ndi anzanga kuti nawonso azitero.

Ndiye pamlatho paja mwanayo sanalakwe kalikonse. Anangomvera lamulo la mayi ake.

"Mayi, mwanayu mwamudziwira kuti?" ndinafunsa.

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Aa, ndi inu amene. Koma mwanenepa bwino, paukwati paja munali ngati bango." Kenako anagogoda mnzake wogulitsa mapeyala. "Nachisale, taona, ndi aja a geti lobiriwira aja."

Ndisanapume n'komwe, bambo wina wosoka nsapato anaika singano pansi. "Nanga Kapitawo ndi ameneyu? Bwana, munasiya kukodzera m'nsapato za agogo?"

Wongani anamumenyera sawatcha.

Ine m'mutu munadutsa zonse zimene timamva m'maminibasi, za ana osowa, za galimoto za magalasi akuda. Mwana mmodzi ndinamupana pakati pa mawondo, wina ndinamunyamula ngakhale amalemera ngati thumba la simenti.

Wanthochi uja ataona nkhope yanga anasiya kuseka. "Musaope, mayi anga. Timakuonerani kwa a Kachingwe, kuseri kwa sitolo ya nsalu uko. Lero kuli nambala eyiti. Ine ndikungodikira kuti nthochizi zichepe, ndithamangireko."

Apa ndikuuzeni kaye za apongozi anga aamuna.

Ine kwathu ndi ku Mitundu. Ndinakwatiwa ndi mwana wa anthu a kumpoto, ndipo timakhala m'nyumba ya kuseri pa poloti ya makolo ake ku Area 14. Apongozi anga timawatcha Adada ndi Amama. Adada anagwira ntchito m'boma moyo wawo wonse, kulemba malipoti ndi kusunga mafayilo, ndipo ngakhale anapuma, ntchitoyo sinawapume. Anagula kamera ya matepi amuna anga ali khanda, ndipo anaigwiritsa ntchito mpaka inafa miyezi itatu yapitayi. Foni ankaikana. Ankati zithunzi za pafoni zilibe ulemu.

Vuto si kujambulako. Vuto ndi majambulidwe ake. Adada satenga kanema osapereka lipoti. Amayamba chonchi: "Lero ndi Lamlungu, nthawi ili folo koloko. Tili panyumba panga ku Area 14, poloti nambala yakuti, geti lobiriwira, moyang'anizana ndi mtengo wa m'bawa. Amene mukumuonayu ndi mdzukulu wanga Lusungu, wodziwikanso kuti Kambatata. Mawa ayamba sukulu yakuti. Yunifolomu ndi iyi. Aziweruka leveni koloko."

Ife pakhomo tinazolowera. Tinkangoti agogo ali pa nyuzi.

Chachiwiri, Adada sadziwa kuzimitsa. Akatha lipoti amaika kamera pathebulo kapena pamwamba pa filiji, kagetsi kofiira kakuyakabe, iwo n'kupita kukawerenga nyuzipepala.

Kamera itafa, anatsegula kabati n'kupeza matepi ayamba nkhungu chifukwa cha chinyezi cha dzinja. Anawalongedza onse m'katoni, matepi makumi awiri ndi awiri, iliyonse ndi nambala yake ngati fayilo ya ku ofesi, n'kupita nawo ku Old Town kuti akawasamutsire pa madisiki. Ine ndinawathandiza kumanga katoniyo ndi chingwe. Ndi manja angawa.

Ndiye Loweruka lija ndinatsata kumene wanthochi analoza. Kanjira kopanikiza pakati pa masitolo awiri, kenako kabwalo. Phokoso la kuseka ndinalimva ndisanakhote.

Pakhomo pa kashopu panali TV pa situlu, itayang'ana panja. Kutsogolo kwake mabenchi awiri odzaza. Telala ali ndi sizasi m'thumba la malaya, mlonda wa sitolo ina ali ndi chibonga chake, mayi akuyamwitsa, ena ataimirira kumbuyo akudya chimanga chowotcha. Pa TV paja panali kamnyamata kowonda kakuvina malipenga, kabudula akutsetsereka pang'onopang'ono, ndipo benchi yonse inkati, "Gwira kabudula, gwira kabudula."

Kamnyamatako kanali bambo a ana anga. Omwe aja amamanga tayi kupita ku ofesi ku City Centre.

Ndikuvomera, ndinaseka kaye pang'ono. Ndine munthu.

A Kachingwe anatuluka akupukuta manja, bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi waya. Atandiona nkhope inawala. "Takulandirani, mayi. Ife timakudziwani, inu ndi amene simutidziwa."

"Bambo, banja langa likufuna chiyani pamsewu?"

"Mayi, tepi si foni. Siithamangitsidwa. Ikakhala ya maola atatu iyenera kuyenda maola atatu, kompyuta ikulemba, ine ndikuyang'ana, chifukwa deki ikayamba kutafuna tepi ndiyenera kuona pompo. Ndiye ndikhale m'kachipinda aka kotentha ngati uvuni tsiku lonse? TV ndimaitulutsa, ine n'kukhala pamphepo. Anthuwa ndiwathamangitse bwanji, bwaloli si langa. Komanso amandithandiza. Ndikapita kukadya, chithunzi chikayamba kudumpha amandikuwira."

"Ndiye aona zonse?"

"Tinayambira kumapeto, poti matepi akale ayenera kupukutidwa kaye nkhungu. Tikubwerera m'mbuyo. Ana anu akhala akuchepa mpaka anasowa, inu mukunka muwonda." Anaseka yekha. "Banja lanu ndi losangalatsa, mayi. Ena amatibweretsera maliro okhaokha. Masana anthu akapempha ndimabwereza zimene zili kale m'kompyuta. Ya tsiku loyamba sukulu ija amaikonda kwambiri."

Mdala wina pabenchi, pofuna kuonetsa kuti mutu ukugwirabe, anayamba kulakatula ngati vesi la Sande sukulu. Nambala ya poloti yathu. Geti lobiriwira. Mtengo wa m'bawa. Dzina la sukulu. Leveni koloko. Anzake anamuwombera m'manja.

Ine sindinamuyang'ane mdalayo. Ndinkayang'ana bambo wina wa kapu kumapeto kwa benchi. Ameneyo sanaseke ngakhale kamodzi. Anangoyang'ana Lusungu, n'kuyang'ana TV, n'kuyang'ananso Lusungu.

Mwina dzino linkamuwawa. Mwina anali ndi njala. Mwina ali ndi mwana wa msinkhu womwewo kumudzi. Sindikudziwa, ndipo mpaka lero sindikumunenera choipa. Koma mayi sadikira kuti atsimikize.

"Zimitsani," ndinatero.

A Kachingwe anakanda m'mutu. "Matepi ndi a abwana aja anabweretsa aja. Anandisainitsa ndi pepala lomwe. Mawu abwere kuchokera kwa iwo."

Ndikutembenuka kuti ndizipita, telala uja anandikodola. "Mukawapatse moni Mayi a Wigi."

"Ndani?"

"Apongozi anu. Nambala fifitini." Ndipo anandifotokozera yonse, mlonda akumuthandiza pamene waiwala. Linali dzulo lake la ukwati wathu. Adada anasiya kamera pamwamba pa filiji. Amama analowa kukhitchini, n'kuvula wigi, n'kuiveka ketulo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupisa chala kuseri kwa keke ya ukwati, n'kunyambita, kawiri konse, kenako n'kutembenuza kekeyo kuti bowo liyang'ane kukhoma. Atalowa mchemwali wawo anayamba miseche. Anati amayi abusa akamaimba zimamveka ngati geti losowa girisi. Ndipo za ine anati, "Kamtsikana ka ku Mitundu aka n'kowonda chonchi, kadzabereka koma?"

Ndabereka awiri, Amama. Old Town yonse ndi mboni.

Kunyumba ndinayambira kwa amuna anga. Ndinafotokoza mothamanga, mawu akupondana. Iwo funso lawo loyamba linali lakuti, "Kabudula uja anagwa mpaka pansi?" Lachiwiri panalibe. Anangoti ndimachulutsa mantha, anthu a m'tauni ali ndi zochita zawo, mawa adzakhala ataiwala.

Ndinapita kwa Adada. Ndinagwada pakhomo la pabalaza monga amachitira mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, n'kufotokozanso, ulendo uno pang'onopang'ono. Anandimvetsera mpaka kumapeto, magalasi ali pamphuno.

"Mkamwana, mbiri ya banja si chinthu chobisa. Anthu aphunzireko mmene banja ladongosolo limakhalira. Za chitetezo, mpanda tili nawo, galu tili naye." Anadzutsanso nyuzipepala. Msonkhano unathera pomwepo.

Apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, amayi anzanga ndi abambo omwe.

Tayendani m'ma Area athuwa muone. Mipanda yaitali kuposa nyumba zake. Pamwamba waya wamagetsi, pageti chikwangwani cha galu wolusa, mlonda amakufunsa dzina katatu asanatsegule kazenera. Mnansi wa kuseri kwa khoma sitimudziwa ngakhale dzina. Ndiye tsiku lina timatenga nyumba yomweyo, chipinda chogona, nkhope za ana, sukulu yawo, nthawi imene timachoka ndi kubwera, n'kuziika m'katoni, n'kukasiya kwa munthu amene tamuona lero lomwe. Timafunsa kuti zitha liti. Ndani anafunsapo kuti TV yanu imayang'ana kuti?

Ndipo si matepi okha. Foni ikafa timakaisiya kwa okonza ili yotsegula, n'kupita kukagula kaunjika. Kojambulitsa zithunzi, chithunzi cha mwana wako chikakongola umadzachipeza pazenera, n'kumanyadira. Ine amene ndikulemba pano, tsiku limene Lusungu anayamba sukulu ndinatumiza chithunzi chake kwa aliyense wa m'foni mwanga, baji ya sukulu ikuoneka bwinobwino, mpaka kwa bambo amene anatigulitsa matayala. Ndiye Adada ndiwaseke bwanji? Kusiyana kwathu n'kwakuti iwo amachita mwadongosolo.

A Kachingwe nawonso si munthu woipa. Ntchito yawo amaidziwa, nkhungu amaipukuta ndi thonje ngati akusambitsa khanda. Sanaganizepo chabe kuti chimene chili chosangalatsa pabenchi, kwa mayi wina ndi kiyi wa nyumba yake.

Koma ndaphunziraponso china. Anthu akuluakulu ukawauza kuti mwana angathe kubedwa, amati Mulungu ateteza. Ukawauza kuti anthu akuwaseka, sadikira Mulungu.

Lamlungu titachoka kutchalitchi ndinalowa kukhitchini kwa Amama. Iwo ankadula kabichi, atavalabe zoyera zawo za kutchalitchi. Ine ndinatenga anyezi.

"Amama, anthu a ku Old Town akupereka moni."

"Anthu ati?"

"Amene akuonera matepi a Adada. Akuti ketulo ija wigi inaikhala bwino."

Mpeni unaima m'kati mwa kabichi.

"Akuti ndi nambala fifitini," ndinapitiriza, maso ali pa anyezi. "Amaipempha pafupipafupi. Ndi ya keke ija."

Kunja galu anayasamula mpaka tinamumva.

"Mawu amamveka?"

"Bwinobwino, Amama. Kamera ya Adada inali yamphamvu. Za geti losowa girisi akuti mpaka mlonda anaziloweza. Telala wake ndi uja amasoka mayunifolomu a makwaya."

Misozi inkatsika m'maso mwanga, koma anali anyezi, Mulungu akudziwa.

Za kamtsikana ka ku Mitundu sindinatchule. Ndinangoyang'ana ana anga awiri akusewera pakhonde, Amama nawonso anawayang'ana, ndipo tinamvana.

Lolemba seveni koloko isanakwane, galimoto inali italizidwa kale. Adada pa chiwongolero, opanda tayi, chinthu chimene sindinachionepo. Amama kutsogolo, chikwama pamiyendo. Ine kumbuyo. Tinasiya ana kusukulu, ine n'kutsika kukauza aphunzitsi kuti asapereke mwana kwa munthu wina aliyense, n'kupitirira ku Old Town. Njira yonse Adada anayesa kulankhula kamodzi kokha. Anangofika pa "Mbiri ya banja," Amama n'kutembenuza mutu, mbiriyo n'kuthera pomwepo.

Titakhota m'kanjira kaja tinapeza benchi yayamba kale kudzaza. Telala anali woyamba kutiona. Anaimirira, n'kuvula chipewa. "Mayi a Wigi afika." Onse anaimirira ngati kwalowa woweruza.

Amama anapatsa Adada chikwama kuti agwire, n'kukumbatira TV ija, yolemera mmene ilili, n'kuilowetsa okha m'kashopu, mawaya akukwekwereka m'mbuyo. Anaiika pakona itayang'ana kukhoma.

Pamenepo ine ndinayamba yanga. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kuchipachika pakhomo. Ndinapempha a Kachingwe atsegule kompyuta, zimene zinali kale pa madisiki azifufute m'kompyutamo ine ndikuona, imodziimodzi, ndipo madisikiwo ndinawaika m'chikwama changa. Matepi asanu ndi awiri otsalawo ndinati ayende ine ndili pomwepo, mawu atatsitsidwa. Masiku atatu ndinakhala m'kachipinda kaja, thukuta kamukamu, ndikuonera amuna anga akuchepa mpaka kufika pa thewera. A Kachingwe ankadandaula kutentha, koma tsiku lachiwiri anabwera ndi fani, n'kunena kuti kasitomala wotsatira adzayamba amufunsa.

Anthu a pabenchi ananyinyirika. Mlonda anati ndawadulira nkhani pakati, sadzadziwa mmene Adada anakumanirana ndi Amama. Bambo wa kapu uja sindinamuonenso.

Koma TV ukhoza kuitembenuza, mitu ya anthu sungaifufute. Ndiye ndinapita kwa wanthochi uja. Dzina lake ndi Nambewe. Ndinamuuza za lamulo langa la pageti la sukulu. Anagwira pakamwa.

"Ndiye ndikanati tiye, akanabwera?"

"Anali atayamba kale kubwera."

Nambewe anathyola nthochi ziwiri n'kundipatsira ana. Ine ndinati, "Popeza nkhope zawo mukuzidziwa kale, inu ndi a Nachisale ndi bambo a nsapato aja, tsiku lina mukadzawaona ali ndi munthu amene sanatulukepo pa TV ija, mudzakuwe."

"Ameneyo pamlatho pano sadzadutsa," anatero. Ndipo ndikamuyang'ana mikono yake ndikukhulupirira.

Chomaliza, ndinakhazikanso ana pansi. Ndinati dzina la Kambatata ndi la Kapitawo tsopano ndi maina chabe, satsegulanso geti. Tinasankha mawu ena atsopano, atatu tokha, tili m'bafa, mpopi ukutuluka madzi. Ndinati, "Munthu akapanda kunena mawu amenewa, osasuntha. Kaya ukumudziwa, osasuntha." Musayembekezere kuti ndiwalemba pano. Ngakhale bambo awo ndinawauza atalumbira.

Lachitatu tepi yomaliza inachedwa kutha, leveni koloko n'kundipeza ndili ku Old Town. Adada, pofuna kukonza zinthu, ananyamuka okha kukatenga mdzukulu wawo osandiuza.

Ndinafika pasukulu ndikuthamanga, madisiki akugwedera m'chikwama. Ndinapeza Adada ali kunja kwa geti, padzuwa, mpango pamutu. Lusungu ali m'kati, chikwama kumsana, manja atawapinda pachifuwa. Aphunzitsi anali chapatali, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Kambatata, tiye kunyumba, ndine agogo ako," ankatero Adada, mwina kakhumi.

"Ndikukudziwani, agogo. Nenani mawu aja."

Atandiona anapumira m'mwamba. "Mkamwana, mwanayu akundipempha chilolezo. Mawuwo ndi ati?"

Ndinagwada pafumbi pomwepo monga mwa ulemu. Ndinatsegula pakamwa, chifukwa ndi agogo ake, amamukonda kuposa maso awo. Kenako ndinaona chimene chinali m'dzanja lawo. Foni yatsopano imene mwana wawo anawagulira dzana, itayang'ana kwa ine, kadontho kofiira kakuphethira pakona.

"Lero ndi Lachitatu," anayamba Adada, "tili pageti la sukulu ya mdzukulu wanga."

Ndinatseka pakamwa. Ndinadzuka, n'kulowa pageti, n'kunong'oneza mwana wanga m'khutu, dzanja nditaphimba. Iye anagwira dzanja langa, ndipo sanalisiye mpaka kunyumba.

Adada mpaka lero mawuwo sakuwadziwa.

Nanga inu, katoni yanu munakaisiya kwa yani, ndipo TV yake yayang'ana kuti?